Ndatsika chitunda ndi mapu m'chikwama

Lolemba, Chikwawa

Ndikulemba nditakhala pakhonde la nyumba ya alendo pa Chikwawa boma, malaya ndavula. Juzi yomwe ndinanyamuka nayo ku Dedza ili pansi penipeni pa chikwama. Kwathu ndasiya anthu akuothabe moto m'mawa, kuno ndi Ogasiti yemweyu koma thukuta lili chuchuchu. Nditadandaula, mnyamata wotunga madzi pano wangoseka: "Bwana, ino ndi nyengo yozizira. Mudzabwere Okutobala mudzaone."

Zaka 14 ndakhala ndikuphunzitsa jogalafe kusekondale. Chigwa cha Shire ndachijambula pabolodi kosawerengeka: mapiri uku, mapiri uku, mtsinje pakati, choko chobiriwira pamene pali nzimbe. Koma phazi langa linali lisanapondeko. Alamu anga, amuna a mlongo wanga, kwawo ndi ku Bangula, ndipo samatopa kundinena kuti ndimagulitsa ndiwo zomwe sindinalawepo. Holide ino ndati basi, alamu, tsogolani.

Kuchoka ku Blantyre kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma si mtunda umene umakusintha, ndi kutsika. Blantyre ali pamwamba kuposa mamita 1,000 kuchokera pomwe pamalekeza nyanja yamchere, pamene kuno tili cha m'ma 100. Minibasi inayamba kuzungulira makona aja, makutu anga n'kutseka, fungo la mabuleki n'kudzaza galimoto yonse. Pakona ina chigwa chinangotseguka chonse pansi pathu, chafulati ngati mphasa, Shire akunyezimira pakati mokhotakhota, patali minda ya nzimbe yodulidwa makona anayi bwinobwino. Ndinafuna kutulutsa foni koma mayi amene ndinakhala naye anali atandisenzetsa dengu la tomato.

Tikutsika, ena amakwera. Anyamata okankha njinga, iliyonse matumba a makala awiri kapena atatu, misana ili noninoni. Mapiri omwe amachokerako ndi ometedwa mpala, kwatsala zitsa ndi miyala. Alamu anandigwira bondo n'kuti, "Amenewa muwakumbukire, tidzawatchula kutsogoloku."

M'kalasi ndimaphunzitsa kuti Malawi ali ndi zigawo zitatu, ndipo Blantyre ndi Nsanje onse ali m'Chigawo cha Kummwera. N'zoona, papepala. Koma thupi langa landiuza kuti malire enieni ali pa Thabwa, pa rodibuloko paja pamene msewu wa ku East Bank umapatukira. Kuyambira pamenepo mitengo ndi ina, milambe ndi migwalangwa, mpweya ndi wina, ngakhale mawu a mavenda pawindo ndi ena. Chigawo chojambulidwa ndi boma ndi china, chojambulidwa ndi mapiri ndi china.

Pa mlatho wa Kamuzu ndinaona Shire kwa nthawi yoyamba pafupi. Ndi wamkulu, wamatope, wosafulumira. Pazilumba za mchenga pakati pake pali chimanga chobiriwira, mu Ogasiti! Chigwachi chimalandira mvula yochepa, malo ambiri safika mamilimita 800 pachaka, chifukwa mphepo yachinyezi imakhuthulira madzi ake ku Mulanje ndi ku Thyolo isanatsikire kuno. Komabe dziko lonse likamva za madzi osefukira limaganiza za Chikwawa ndi Nsanje. Madzi a kuno ndi obwera, mvula yake imagwa kwa eni.

Lachiwiri, Kapichira

Usiku sindinagone bwino, udzudzu wa kuno sudziwa manyazi. M'mawa ndatunga madzi pamjigo kuti ndimwe, ndalavula. Mchere! Alamu akuti si mjigo woonongeka, ndi nthaka. Madera ambiri a chigwachi madzi a pansi ndi amchere, ndipo makolo akale ankapala dothi n'kulitcheza kupanga mchere wogulitsa kumtunda. Chomwe chinali malonda a agogo lero ndi vuto la amayi ofuna madzi akumwa.

Tinapeza njinga zamoto kupita ku Kapichira, mathithi omaliza a Shire asanalowe m'chigwa. Mtsinjewu umatuluka m'nyanja ku Mangochi, kudutsa Malombe ndi Liwonde, kenako n'kuyamba kugwa m'miyala: Nkula, Tedzani, Kapichira. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa kugwa kumeneku. Pano pokha amapanga mamegawati pafupifupi 130. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu pano, makina onse n'kuima, ndipo ndikukumbukira ndikuchonga mayeso ndi kandulo ku Dedza, kutukwana osadziwa n'komwe kuti Kapichira amaoneka bwanji. Lero ndamuona. Chodabwitsa, midzi ingapo yomwe tadutsa popita ilibe ngakhale babu limodzi, mawaya akungodutsa pamwamba kulowera kumtunda.

Pafupi pomwepo payambira ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 43,000 mpaka kukafika cha ku Bangula. Nzeru yake ndi yosavuta: madzi akatengedwa pamwamba pa mathithi amatsika okha, osafuna pampu. Ndaima pamphepete pake, yasimenti, yotakata, ndipo ndavomereza kuti ndi ntchito. Woyendetsa njinga wanga sanatengeke nazo. Wati, "Ife tidzakhulupirira madziwo akadzanyowetsa munda wa amayi anga."

Mbali inayi ndi mpanda wa Majete. Nkhalangoyi inali itatheratu nyama, African Parks inayamba kuisamalira mu 2003, ndipo lero muli njovu, zipembere, mikango, ngakhale akadyamsonga. Sitinalowe, thumba la mphunzitsi mukulidziwa. Tangoona chitosi cha njovu kuseri kwa waya, alamu n'kuti chimenecho ndi chaulere, jambulani.

Pamathithi pomwepa ndi pamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859. Nkhani imene imandikoka ine si ya mzunguyo ayi, ndi ya anthu amene anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi, Amakololo, omwe anatsalira kuno ali ndi mfuti n'kusanduka mafumu pakati pa Amang'anja. Maina monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima, omwe lero ndi mafumu akuluakulu a Chikwawa, mizu yake ili kumeneko. Eni nthaka akale, Amang'anja, ali ndi mfumu yawo yaikulu, Lundu, ku Mbewe. Pambuyo pake kunabwera Asena ambirimbiri kuchokera ku Zambezi, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, njala ndi nkhondo. Ukafunsa kuti mwini chigwa ndani, uyambe wakhala pansi.

Lachitatu, Ngabu

Lero linali tsiku la pamsewu. Dyeratu, Bereu, kenako Nchalo.

Nchalo umayamba kumumva ndi mphuno: fungo la manyuchi owira, ndi phulusa lakuda la nzimbe zootchedwa likugwa ngati chipale pamalaya. Esiteti ya shuga inayamba m'zaka za m'ma 1960 ili m'manja mwa Lonrho, anthu akuluakulu amaitchabe Sukoma, ndipo Illovo inaitenga mu 1997. Nzimbe zimafuna dzuwa lambiri, nthaka yafulati ndi madzi osaphwa, zonse zitatu zili pano, madziwo amachita kupopa mu Shire. Kwa ine Nchalo ndi wotanganidwa kuposa boma lenilenilo: mabanki, magolosale, njinga za kabaza zomwe kuno amati shapa, zosawerengeka. Pogula mandasi ndamva Chisena, Chimang'anja, Chilomwe cha anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje omwe anatsikira kuno kudzadula nzimbe, mwinanso Chitumbuka. Ofesi ya DC inaikidwa kwina, koma anthu anatsatira malipiro.

Kulinso alimi ang'onoang'ono amene anaphatikiza minda yawo kulima nzimbe, monga a Kasinthula ndi a Phata. Bambo wina m'minibasi amatamanda kuti anamanga nyumba yamalata ndi ndalama za nzimbe. Mnzake anamudula: "Nanga nzimbe umadyera ndiwo yanji?" Anakangana mpaka pa Miseu Folo, palibe anagonja, ndipo ine sindikanatha kuweruza. Woyamba amanena za ndalama, wachiwiri za nkhokwe. Malinga ndi kalembera wa 2018, Chikwawa ali ndi anthu oposa 560,000 ndipo Nsanje pafupifupi 300,000. Ukachotsa malo a nzimbe, nkhalango zitatu za Majete, Lengwe ndi Mwabvi, dambo lalikulu ndi mapiri amiyala, otsalawo ndi kamzere ka m'mbali mwa msewu ndi mtsinje. Ana anga ndimawauza kuti agawe chiwerengero cha anthu ndi kukula kwa boma kuti apeze kuthithikana. Samuyo imanama. Iwerengera munthu malo omwe ndi a njovu.

Njira ya ku Lengwe tangoidutsa. Kumeneko n'kwawo kwa nyala, ndipo pansi pa nthaka ya Lengwe ndi Mwabvi pali malasha amiyala omwe sanakumbidwe. M'buku timawalemba pa mndandanda wa chuma chachilengedwe. Alamu akuti chuma chomwe sunachigwire ndi mphekesera.

Ngabu ndi dziko la makande, dothi lakuda lomwe pano lang'ambika ming'alu yolowa dzanja, koma dzinja limamata mpaka ngolo kutitimira. Thonje limakonda dothi limeneli, ndipo kwa zaka zambiri ndilo linali fodya wa kuno. Tsopano ambiri akuti mtengo wake sukubweza za mankhwala, akuthawira ku chitowe. Ng'ombe ndiye zilipo, makola aakulu, mbuzi pamsewu ngati eni ake. Nyama yambiri yodyedwa ku Blantyre imakwera chitunda chija pamalole. Madzulo ndadya nsima ya mapira, yofiirira, yolemera m'mimba, ndi nyama ya mbuzi. Ndinkaphunzitsa kuti mapira ndi mchewere ndi mbewu zopirira chilala. Sindinkadziwa kuti n'zokoma.

Lachinayi, Bangula

Tafika dzulo usiku kwa amayi awo a alamu. Andilandira ndi "Takhuta, takhuta, aphunzitsi," ine n'kuyankha kuti inenso ndadya kale, khonde lonse n'kufa ndi phwete. Takhuta ndi zikomo pa Chisena. Ana a mlongo wanga akanandiona akanandiseka chaka chonse. Paja anawo ndi a kuno, chifukwa Asena amalowola ndipo ana amatsata kwa bambo, zomwe amalume anga ku Dedza, Achewa a chikamwini, sanazimezebe mpaka lero.

Anandidzutsa tambala woyamba atangolira. Kudimba amapita usiku, kuti dzuwa likamafika pamutu akhale akubwerera. Tayenda kupitirira ola limodzi, amayi patsogolo khasu paphewa, ine pambuyo ndikupunthwa. Tinayamba m'minda youma, mapesi a mapira ali gwa, fumbi lokhalokha. Imeneyi amati mphala, munda wa mvula, wa mapira, mchewere ndi thonje. Kenako nthaka inayamba kufewa kuphazi, mpweya n'kuzizira, ndipo kutayamba kucha ndinapezeka ndili pakati pa chimanga chondipitirira mutu. Nyemba, maungu, mbatata yoyanga mpaka osaona dothi. Chimanga china chili ndi ngaiyaye, china chofika m'mawondo, china changomera kumene kufupi ndi madzi.

Amayi andifotokozera ngati mwana wa sitandade wani. Madzi akayamba kuphwa mvula itatha, iwo amawatsatira pambuyo. Pomwe pauma sabata ino amabzala, pomwe padzaume mwezi wamawa adzabzala mwezi wamawa. Sathirira, chinyezi chili pansi. Feteleza sanagulepo, matope obwera ndi madzi ndiye feteleza. N'chifukwa chake munda umodzi uli ndi chimanga cha misinkhu itatu. "Mphala ikakana chifukwa cha dzuwa, dimba limatidyetsa. Dimba likamira, timayang'ana kumphala. Munthu amayenda ndi miyendo iwiri, aphunzitsi."

Apa ndiulule tchimo langa. Chaka chilichonse ndimafunsa ana a fomu 3 chifukwa chake anthu a kuchigwa sasamukira kumtunda pamene madzi amawapha. Ndipo mwana akalemba kuti anazolowera kulandira thandizo, ndakhala ndikumuchonga. Ndi zomwe timakamba kumtunda, m'ma minibasi ndi pa Facebook, Januwale aliyense. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa amayi funso lomwelo, ndithudi mochepetsako.

Sanakwiye. Anapitiriza kukumba mbatata kwinaku akuyankha. Mu Januwale 2015 madzi anabwera usiku. Anataya mbuzi zonse, nkhokwe, ziwiya, ndipo anakhala tsiku lathunthu pachulu ndi adzukulu awiri bwato lisanabwere. Anthu ena a m'mudzi mwawo sanapezeke mpaka lero. Anakhala miyezi pamsasa pasukulu. "Thumba la ufa limene mukunenalo, mukuganiza lingagule mbuzi khumi ndi ziwiri?" Atachoka pamsasa anasamukadi, nyumba yomwe ndagonamo ili pamtunda, ndipo anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 sanaifike. Koma pamtundapo anapatsidwa malo a nyumba okha. Minda ya pamenepo ili ndi eni ake, ukafuna ubwereke ndi ndalama, ndipo ndi ya miyala. "Tulo tinasamutsa. Mimba inatsala kuno."

Ndinakhala chete. Anandipatsa mbatata yaiwisi kuti nditafune.

Sindikufuna kukometsera. Moyo wa kudimba ndi woopsa. Mvuu zimatha munda usiku umodzi, anthu amagona m'tizisakasa kuomba zitini. Ng'ona zimagwira anthu chaka chilichonse, makamaka chaka cha njala pamene amayi amalowa m'madzi kuzula nyika, timizu ta maluwa a m'dambo tomwe amaphika ufa ukatha. Ndipo alipo ena amene amakanadi kuchoka ngakhale nyumba zili pakamwa pa madzi. Ku Nsanje boma lakhala likuuza anthu a kwa Nyachikadza kwa zaka zambiri kuti achoke pakati pa dambo la Ndindi, iwo osatekeseka. Kale ndinkati ndi mwano. Lero ndikufuna ndione kaye dimba lawo ndisanalankhule.

Pobwerera amayi anandionetsa chigawo china cha munda wawo wakale, choyera mbee, mchenga wofika m'chiuno. Akuti kale madzi ankabwera pang'onopang'ono, munthu umaona n'kusamutsa mbuzi, ndipo akapita amasiya matope akuda. Masiku ano amabwera ngati galimoto ndipo amasiya mchenga, pamene sipameranso kanthu. Alamu anandiyang'ana: "Anyamata a njinga aja." Phiri likakhala lopanda mitengo mvula siilowa pansi, imathamanga yonse nthawi imodzi itanyamula dothi. Dothilo limadzaza mtsinje, mtsinje n'kukhala wosaya, madzi n'kusowa kolowera. Makalawo amaphikira ku Ndirande ndi ku Chilomoni, mchenga wake umathera m'munda wa gogo wa ku Bangula amene sanagulepo thumba la makala. Ngakhale Linthipe wa kwathu amathira m'nyanja, nyanja n'kuthira mu Shire. Sindinawauze zimenezo.

Lachisanu, Mtayamoyo

Dzina lokha likanandibweza. Koma alamu anali atapangana kale ndi msuweni wawo wa bwato, lomwe pa Chisena amati mwadiya, chimtengo chimodzi chosemedwa. Ukakhalamo madzi amakhala zala zinayi kuchokera pamlomo wake. Anandiuza kuti ndisagwire m'mbali ndiponso ndisaviike dzanja. Sindinafunse chifukwa.

Pano ndi pamene msewu ndi njanji zinkadutsa kupita ku Chiromo ndi ku Makhanga. Njanji imeneyi ndiyo yoyamba m'dziko muno, inachokera ku Port Herald, amene lero ndi Nsanje, n'kufika ku Blantyre mu 1908. Mu 1997 madzi anadula njira pano, ndipo kuchokera pamenepo tsidya lino ndi tsidya ilo zimalumikizana ndi mabwato. Ndaona bwato litanyamula njinga yamoto, matumba a simenti ndi mayi wodwala. Tsidya linalo mtsinje wa Ruo, wochokera ku Mulanje, umakumana ndi Shire. Ruo akadzaza amatsekereza Shire ngati chitseko, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo lonse. Mu 2015 Ruo anasiya njira yake n'kuboola ina, Makhanga n'kutsala ngati chilumba. Wopalasa wathu wati akuluakulu ankanena kuti kalekale ankadutsa komweko. Madzi saiwala khwawa.

Tinakhotera kumpoto pang'ono kulowa m'dambo lomwe mapu amati Elephant Marsh. Livingstone analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800 muno. Lero mulibe ndi imodzi yomwe, latsala dzina. Zomwe zilipo ndi mbalame zochuluka moti sindingazitchule, akakowa, nkhwazi, atsekwe, tina tating'ono toyenda pamwamba pa masamba ngati pabwalo. Mu 2017 damboli linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, lachiwiri m'Malawi pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Kukula kwake kulibe nambala imodzi, dzinja limafutukuka, chilimwe limafota. Ntchito yake ndi ya chinkhupule: limamwa madzi osefukira n'kumawatulutsa pang'onopang'ono.

Asodzi tawapeza pakachilumba akuwamba mlamba ndi makakana. Adandaula zinthu ziwiri, namasupuni amene amatseka njira za mabwato, ndi anzawo ophera nsomba maneti a udzudzu, omwe amakokolola ndi tiana tomwe. Ndafunsa amene amachita zimenezo, onse aloza tsidya lina. Neti yobiriwira inali itayanikidwa kuseri kwa chisakasa chawo chomwecho.

Wina anandipatsa uchema wa mgwalangwa m'chikho. Ndinalawa pang'ono chabe, ndikulemba izi kuti mlongo wanga awerenge.

Loweruka, Nsanje

Phokera, Tengani, kenako Nsanje. Chigwa chimapanikizika kuno. Kumadzulo kuli mapiri a Matandwe ndi Chididi, kum'mawa mtsinje, ndipo tsidya la mtsinjewo ndi Mozambique kale, phiri la Morrumbala likuoneka buluu patali. Dziko lathu kuno latsala ngati mchira.

Ndinapita kukaona doko. Khoma lalitali lasimenti m'mbali mwa madzi, zitsulo zomangirira sitima, udzu. Mu Okutobala 2010 Bingu wa Mutharika analitsegula pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, loto lake linali lakuti katundu azibwera pamadzi kuchokera kunyanja yamchere kudzera mu Zambezi ndi Shire. Sitima yomwe inkayembekezeka tsikulo inagwidwa ndi akuluakulu a ku Mozambique, omwe ankati kafukufuku ayambe wachitika. Lero ndapezapo anyamata akuwedza ndi amayi akuchapa. Anthu amaliseka dokoli, koma ine monga wa jogalafe sindiliseka kwambiri. Dziko lopanda gombe limalipira modula pa lita iliyonse ya mafuta, ndipo njira ya pamadziyi ndi yomwe sitima za azungu zinkadzera njanji isanabwere. Chimene chinaiwalika n'chakuti kumunsi kwa mtsinje kuli mwini wake.

Malirewo kwa anthu a kuno ndi nkhani ya maofesi. Mabwato amaoloka m'mawa ndi madzulo, wina munda uli uko nyumba ili kuno, maliro amodzi amalira mbali zonse ziwiri m'Chisena chimodzi. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, othawa kwawo anadzaza boma lino mpaka kuchuluka kuposa eni ake, ndipo kumapeto kwa 2024 ena anabweranso ku Nyamithuthu kuthawa zipolowe za chisankho. Alamu akuti agogo awo aamuna anabadwira tsidya ilo. Ndawafunsa kuti ndiye inu ndinu a kuti, ati, "A mtsinje."

Masana tinafika pa Marka, pomwe msewu wa M1 umathera ndipo njanji yokonzedwanso imalowera ku Mozambique. Cha kuno, pamene Shire amatulukira m'dziko, ndi malo otsikitsitsa m'Malawi, mamita 37 okha. Nambala imeneyi ndailemba pabolodi zaka 14. Palibe chikwangwani, pali mbuzi ndi mayi wogulitsa masau ouma.

Pobwerera alamu anandilozera nkhalango yowirira, yakuda bii pakati pa dziko loyera. Ndi Khulubvi, kachisi wa Mbona, kumene Amang'anja amapempha mvula. Salowamo ndi nsapato, amavala nsalu zakuda, ndipo palibe amene amadulamo mtengo kapena kutola nkhuni. Sitinayandikire, mlendo salowa popanda eni ake. Ndaima pamsewu ndikuyerekeza mitengo ikuluikulu ija ndi mapiri a Matandwe kumbuyo kwake, omwe ndi nkhalango yotetezedwa ndi lamulo la boma koma utsi wa mauvuni a makala ukufuka m'makwawa mwake masanasana.

Lamulungu, pamsewu

Amayi andipakira thumba la mbatata ya kudimba, mlamba wowamba ndi masau a ana. Kondakitala wafuna kulipiritsa thumbalo ngati munthu, alamu amulankhula m'Chisena mawu atatu, wasiya. Iwo atsala ku Bangula mpaka Lachitatu.

Titayamba kukwera chitunda kuchoka pa Thabwa, minibasi yathu inawira pakona yachinayi. Tonse tinatsika, dalaivala akuthira madzi a m'chigubu. Chigwa kumbuyo kwathu sichimaonekanso bwino, utsi wa nzimbe ndi fumbi zinali zitachiphimba. Mnyamata wina wa makala anaimika njinga yake pafupi nane, anaika mwala kuseri kwa tayala, n'kundipempha madzi. Ndinamupatsa botolo langa. Akuti wanyamuka dzulo madzulo, akafika ku Blantyre mawa m'mawa, ali ndi ana awiri ndipo chimanga chake chinapsa ndi dzuwa mu Febuluwale. Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, a mchenga ndi a munda wa amayi aja. Ndinamasula thumba n'kumupatsa mbatata zinayi. Anazilowetsa pakati pa matumba a makala, n'kuchotsa mwala uja.

Tinamupitirira pakona yotsatira. Pofika pa Chadzunda mayi wa pambali panga anapempha kuti titseke windo, kukuzizira.